Madzi Osamiza Fodya

"Tsitsa dzanja lakolo, Rozina. Ukangolikhudza khoma langa ndi matope amenewo, lero ukagona kwa atsibweni ako akutumawo."

Rozina, mwana wanga woyamba, adaima ndi beseni la makande m'chiuno, dzanja lili bii mpaka m'chigongono. Mwana ali kumsana, iye mano onse pamtunda ngati wamva za chinkhoswe.

"Amayi, mudzi wonse watha kupaka. Yatsala yathu yokha. Mukufuna anzathu akagone m'malata, ife tikudontheredwa ndi udzu?"

"Udzu umenewu adafolera ndi malemu bambo ako. Udakudonthera liti?"

"Chaka chatha, pamphumi penipeni."

"Udagona pamalo polakwika."

Apo mpamene adatulukira alongo anga a Gilibati, mwinimbumba wathu, thalauza atapinda, ndevu zili matope okhaokha. Munthu wa imvi, woti pamaliro amampatsa mpando, akuyenda ndi chingwe m'manja ngati mmisiri wa sukulu.

"Namwale," adatero, "musativute. Mutu umodzi susenza denga. Tagwirizana tonse kuti madzi adafika m'chiuno."

"M'chiuno mwa yani? Mwanu kapena mwa a Efulemu? Paja iwo ndi afupi."

"Taika pakati."

Nkhani yake idali iyi. Lolemba kudabwera anthu a boma oyeza malo, ndi galasi lawo la miyendo itatu. Ankati akuyenda dera lonse, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, kuona malo amene madzi amafika mitsinje ikasefukira. Pa nyumba ya a Gilibati adaona mzere wakuda umene alamu anga amazira m'munsi mwa khoma, monga timachitira akazi tonse pokometsa nyumba. Mmodzi adaloza n'kufunsa, "Awa ndi madzi?" A Gilibati, poti mlendo wa boma sitimuuza kuti walakwa, adavula chipewa n'kunena, "Ndi madzi, bwana." Adawalembera mtanda wofiira pachitseko. Madzulo ake a Efulemu, atcheyamani a chipani m'mudzi mwathu, adalengeza kuti nyumba zonse za mtanda boma lidzazisamutsira kumalo abwino. Nkhaniyo pofika kuchitsime m'mawa, malo abwinowo adali atamera malata. Pofika masana adali ndi mjigo. Oyezawo adati abweranso Lachisanu kudzamaliza nyumba zotsala.

Tsono mudzi wathu wa Kaphwiti uli pachitunda. Mtsinje wa Chankhanu uli kumunsi, koti ukapita kukachapa umabwerako mawondo akulira.

"Alongo," ndidatero, "madzi akwera bwanji chitunda chino? Ali ndi makwerero?"

"Zimenezo adziwa ndi ophunzira. Ife tangoyankha zomwe atifunsa."

"Mwayankha bodza."

"Bodza lomangitsa nyumba si bodza, ndi chitukuko."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mudaiona galimoto imene akuyendera oyezawo? Si ya kuesiteti ya a Kamzimbi, amene waya wawo wafika kale kuseri kwa minda yathu? Boma lasowa galimoto liti?"

"Kubwerekana galimoto si mlandu. Inuyo vuto lanu mudabadwa wokana. Ngakhale bere la amayi mudayamba mwalikana, ine ndidalipo."

Rozina adaseka mpaka beseni kupendekeka.

"Sekani," ndidatero. "Koma nyumba iyi adamanga ndi amuna anga, ndipo adatsirizikira momwemu. Dothi loyera ili ndidakalisenza ndekha pamutu. Sindiinamizira kuti idamira. Ndikachoka pano ndidzachoka atandinyamula anthu anayi."

"Taikani pang'ono chabe, ngakhale m'mawondo. Tidzati kwa inu madzi adafika atatopa."

"Chotsani chingwe chanucho pakhonde panga, ndingachimangire mbuzi."

Masiku amenewo mudzi udapenga, ndipo sindinama, kudali kokoma kuonerera. Makande adavuta ngati mchere. Akazi ankalawirira kudambo n'kumalandana malo okumba. Akazi a a Efulemu adapaka mpaka pazenera, ati nyumba ya atcheyamani siingamire mofanana ndi ya munthu wamba. Bambo wina adakwera pa mtondo n'kupaka khola la nkhunda, loti lili pamitengo yaitali kuposa munthu. Mwana amene adabadwa sabata imeneyo adamutcha Malata. Udali mwezi wofolera, mitambo itayamba kale kusonkhana cha ku Dzalanyama, koma palibe adakwera padenga. Mitolo ya udzu imene tidamweta m'chisanu ena adagawira ng'ombe, ena adasonkhera moto wa mowa.

Madzulo aliwonse a Gilibati ankasonkhanitsa anthu pansi pa mango kuwaphunzitsa za chigumula chimene sichidachitike.

"Inu a Davide, madzi atabwera mudali kuti?"

A Davide ndi mkulu wosoka mphasa, munthu woti sadanamepo chibadwire, choncho ankavutika.

"Ndidali m'nyumba."

"Ayi. Mudali padenga. Ndi chiyani?"

"Ndi... akazi anga."

"Ndi nkhuku. Akazi anu adakwera mtengo. Bwerezani."

"Nanga akazi anga, ndi thupi lija, mtengo wake uti?"

Anthu adagwa nako kuseka, akazi a a Davide akuwathamangitsa ndi mthiko. Ine ndinkamvera ndili pakhonde panga, ndipo kuseka kukandipeza ndinkalowa m'nyumba kuti asandione.

Lachisanu oyeza aja adabweradi, thukuta lili kamukamu, maso ofiira ndi fumbi. Anthu adawaphera nkhuku. A Davide adasimba za padenga mpaka misozi, moti ndidayamba kukayika ngati sindidagone tulo chigumulacho chikudutsa. Mitanda idayenda chitseko ndi chitseko. Wamkulu wa oyezawo adasuzumira m'galasi lake, n'kukanda m'mutu.

"Koma pano ndi pamwamba ndithu," adatero.

"Eni mudzi ndiwo adziwa, bwana," adayankha kapitawo wa kuesiteti, amene ankawayendetsa. "Mvula ya ku Dzalanyama ndi ina."

Woyezayo adayang'ana dzuwa, n'kunena kuti midzi yatsala yambiri. Atafika pa khoma langa lili mbee, adaima.

"Apa madzi sadafike, mayi?"

"Safika. Sadafikepo."

"Awa ndi amasiye, bwana," adalowererapo a Efulemu. "Mutu sunakhazikike."

Adandidumpha. Rozina adalira ngati ndamulanda mwamuna. Adakhala masiku osandiyankhula, kupatula podzafunsa mchere.

Patapita milungu ingapo kudabwera kagalimoto koyera. Mudatuluka a Kamzimbi eni esiteti, munthu wa mimba ndi mawu ofatsa, pamodzi ndi bambo wina wa tayi wochokera m'tauni. Mudzi wonse udathamangira, poganiza kuti abwera kudzayeza malata.

"Awa ndi a inshuwalansi," a Efulemu adatifotokozera. "Ntchito yawo ndi yakuti zigafa za fodya za abwana zikapsa kapena zikakokoloka, iwo amawamangira zina. Ife tikachoka, pano pakhala pachabe, ndiye abwana aganiza zoikapo zigafa."

Ndidayang'ana a Gilibati, iwo akungogwedeza mutu ngati amva uthenga wa m'tchalitchi.

Bambo wa tayiyo ankayang'ana makoma nkhope ili yakugwa.

"A Kamzimbi," adatero, "ife sitingavomere zigafa pamalo pofika madzi m'chiuno. Malo otere kampani yathu siiwayandikira."

"Tiyeni tifunse mayi awa," adatero a Kamzimbi, akuyenda molunjika pakhomo panga ngati adapadziwa kale. Adandipatsa moni wa manja awiri. "Mayi, ndamva kuti inu muli ndi mawu ena. Anzanuwa akuti pano pamafika madzi."

Ndidaganiza msanga. Akutichotsa chifukwa cha madzi. Ndikawapha madziwo pamaso pa munthu wa tayi, palibe wochoka, ndipo zigafazo akazimange pamutu pawo. Ndidamanga chitenje, ndidatenga khasu.

"Bwerani, bwana wa m'tauni. Ine ndine Zipora Namwale, ndidabadwira pano, mchombo wanga uli paseli apo. Bwerani muone madzi a kwa Kaphwiti."

"Namwale," adanong'ona a Gilibati, "kumbukirani kuti tili ndi alendo."

Ndidayambira pa nyumba yawo yomwe. Ndidapala khoma ndi khasu, makande n'kugwa, m'kati muli dothi louma la gwa.

"Awa ndi madzi a m'beseni. Adawabweretsa ndi alamu anga pamutu. Mzerewu wawongoka chifukwa cha chingwe chili m'thumba mwa mkulu uyu. Alongo, tulutsani chingwe."

"Ndi cha mbuzi."

"Tsono onani khola la nkhunda ilo. Madzi adafika pamenepo, koma nkhokwe ili pambali pakeyo, yaifupi, sadaikhudze. Adaizungulira mwaulemu poti muli chimanga cha eni."

Bambo wa tayi adayamba kuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka.

"A Davide, bwerani kuno. Lumbirani pali malemu amayi anu kuti mudagona padenga."

"Ine... nkhuku ndiye zidagonadi padenga. Zimagona pomwepo masiku onse."

"Ndipo taonani msitu uwo. Ndi manda athu. Muli agogo a agogo athu. Mudamva kuti Achewa aika maliro pamalo poyenda madzi? Pano, bwana, ngakhale mvula igwe mwezi wathunthu, umayenda osadetsa chidendene. Chitunda chouma ngati chino simuchipeza kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje. Mukanene kwanuko kuti watero mkazi wamasiye wa mutu wosakhazikika."

Bamboyo adapukuta misozi ndi mpango. Adazungulira mudzi, adapala yekha makoma awiri ndi kiyi wa galimoto, adayang'ana kumunsi komwe kuli mtsinje.

"Ndakhutira," adatero. "Pano ndi pouma."

A Kamzimbi adandigwiranso chanza, nthawi yaitali.

"Mayi, mwandithandiza kwambiri."

Ndidayesa akundinyoza chifukwa choluza, ndiye ndidawayankha kuti, "Muyende bwino, musapunthwe pa madzi."

Galimoto isanazimiririke n'komwe, a Gilibati adali pakhomo panga, mbumba yonse kumbuyo kwawo.

"Mwatidyera malata, Namwale. Mwativula pamaso pa alendo. Nyumba ya mwini saotchera mbewa, inu mwaotchera mudzi wonse."

"Ndakupulumutsirani mudzi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mawa mukwere padenga mufolere."

"Ndi udzu uti?"

"Kafunseni ng'ombe."

"Amayi, nanga mwana uja Malata timutcha chiyani?" adafunsa Rozina, akufuna kulira, akufunanso kuseka.

"Mumutche Tsekera."

Madzulo amenewo ndidavina chimtali ndekha pakhonde, wopanda ng'oma, wopanda mnzanga. Ndidauza malemu amuna anga kuti agone, nyumba yawo yakhala.

Lole idabwera sabata yotsatira, m'mawa, ndikusesa. Kumbuyo kwake kudali ayufi, anyamata a chipani, ovala zofiira. A Efulemu adatsika kutsogolo atavala jekete.

"Konzekani. Boma lakumbukira anthu ake a m'madzi."

Nthungululu idalira mudzi wonse. A Gilibati adatuluka ndi nsapato imodzi, akuvina.

"Mwaona, Namwale? Malata sadathawe. Boma silimva za pakamwa pa mkazi mmodzi."

Ndidaponya tsache pansi n'kupita pamaso pa a Efulemu.

"Atcheyamani, munalipo. Munthu wa tayi adanena yekha kuti pano ndi pouma."

"Adanenadi."

"Tsono tikuchokeranji?"

"Amenewo ndi maofesi awiri, mayi. A inshuwalansi amaona za fodya. A boma amaona za anthu. A inshuwalansi apeza kuti pano ndi pouma, ndiye zigafa zimangidwa. A boma adapeza kuti pano pamafika madzi, ndiye anthu achoka. Palibe walakwa."

"Ndiye madzi amenewa amamiza anthu okha? Akafika pa fodya amakhota?"

"Adanena ndi eni mudzi kuti amamira. Ine sindidapake khoma la munthu."

"Langa lilibe mtanda."

"Mudzi sasamutsa theka ngati nkhuku yogawana. Mukhala bwanji nokha m'kati mwa waya wa eni?" Adatsitsa mawu. "Kapena mukutsutsa boma, Namwale?"

Nthungululu idaduka. Funso limenelo masiku ano aliyense adziwa komwe limafikitsa munthu. Rozina adandigwira chitenje.

"Sinditsutsa boma," ndidatero. "Nditsutsa madzi."

"Madziwo ndi a boma."

Ayufi adalowa m'nyumba mwanga osaodira. Adatulutsa mphasa, mitsuko, mtondo. Nditakhala pansi pakhomo n'kukana kudzuka, adazula chitseko, adandikhazika pamenepo, n'kundinyamula anayi mpaka pa lole. Anthu adaseka, ndipo ena adaomba m'manja, ati Namwale akupita ku malata pa machira ngati mzungu.

Lole idatsika chitunda anthu akuimba. A Gilibati ndiwo ankatsogolera nyimbo, atakhala pamwamba pa matumba a chimanga, akukangana ndi a Davide ngati malata amafuna misomali ya zipewa kapena wamba. Tidatsika, tidatsikabe. Tidadutsa pomwe timachapa, n'kutsata mtsinje cha kumunsi, njira ya ku Nathenje. Nyimbo idayamba kuchepa. Mitengo idatha, kudayamba bango. Pamene lole idaima, ankaimba ndi a Gilibati okha, nawonso adalekezera pakati.

Padali padambo pomwe Chankhanu amakumana ndi kamtsinje kena. Nthaka yong'ambikang'ambika, maenje a nkhanu paliponse, zigoba za nkhono zili mbuu. Adali atakhomamo zikhomo m'mizere, ati malo a nyumba.

"Atcheyamani," adatero a Gilibati, mawu atachepa, "malata atsala m'mbuyo?"

"Malata ati? Ine ndidati malo abwino. Za malata mudaonjezera nokha kuchitsime."

"Koma pano... pano m'dzinja timadzaika mono wogwirira nsomba."

"Oyeza adafika pano. Sadapeze khoma ngakhale limodzi lofika madzi."

"Pano palibe khoma," ndidatero.

"N'chifukwa chake."

"Nanga inu chikhomo chanu ndi chiti?"

A Efulemu adakonza jekete. Adati abwana awapempha kuti atsalire kumtunda, aziyang'anira amisiri a zigafa. Adakwera kutsogolo kwa lole, ndipo idabwerera yopepuka, ikudumphadumpha.

Mwana uja Malata adayamba kulira. Kumtunda, pachitunda chathu, kudayamba kukwera utsi. Ankatentha madenga. Ndidaudziwa utsi wa nyumba yanga, chifukwa udzu wake udali wochindikala, udafuka woyera, nthawi yaitali kuposa ena onse. Ndidauyang'ana mpaka udatha. Misozi sindidawapatse.

Cha ku Dzalanyama kudagunda.

Padambo ponsepo padali chulu chimodzi chokha, chachikulu, chomera kamtengo pamwamba. Anzanga akadali chiimire kuyang'ana zikhomo, ine ndidasenza chitseko changa pamutu, ndidakwera, ndidachigoneka pamwamba penipeni n'kukhalapo.

"Rozina, bwera ndi mwanayo. Tenga khasu ndi mtondo."

Adakwera osatsutsa. Apo mpamene ena adazindikira, n'kuyamba kuthamanga ndi akatundu, kukankhana m'mbali mwa chulu, akazi a a Davide ali patsogolo. A Gilibati adafika pomalizira, ndi nsapato yawo imodzi ija. Adaima m'munsi, adayang'ana kumwamba.

"Namwale, mlongo wanga, pamwambapo pangakwane anthu angati?"

"Ine, Rozina ndi mwana."

"Nanga ine, mwinimbumba wanu?"

"Inu khalani pomwepo, alongo, musasunthe. Oyeza akadzabweranso, pakhale munthu mmodzi wowauza zoona."